Anati Musalipire, Ine N'kunyamuka

Ghardaka, 2 Okutobala 1995

Make Atef,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi onse a pakhomopo, ng'ombe ndi nkhunda zomwe. Bondo lija likukulolani kugona?

Ine ndafika wamoyo, ngakhale Hamdi anayesetsa ndithu kuti ndisafike. Munthu ameneyu amayendetsa galimoto ngati akuthawa apongozi ake. M'mapiri muja tinapanikizana ngati nsomba za m'chitini, ndipo aliyense anapemphera mapemphero a chaka chonse. Kalatayi ndikupatsira yemweyo, ndiye ikafika yonyowa mudziwe kuti ndi misozi ya okwera.

Mwana wanu ndamupeza. Wada bii, koma wanenepa, musadandaule. Ntchito yake ija ndaimvetsa tsopano. Boti limanyamula azungu kupita nawo pakati pa nyanja, iwo n'kuvala magalasi, n'kumira kukaona nsomba. Kuona basi! Osagwira, osakazinga. Amalipira ndalama zambiri, n'kubwerako ndi njala. Ndinamufunsa Atef ngati sangawabweretse kwathu adzaone ng'ombe yathu, imeneyo ndiye imalola ngakhale kuigwira. Sanaseke. Mwana uyu anatengera inu.

Azunguwo ali ponseponse, ofiira ngati tomato, atavala tinsalu toti sitingakwane kupukutira kapu ya tiyi. Ndimayenda maso ali pansi monga munandilangizira, koma pansi pomwepo ndi pamene pali miyendo yawo, ndiye ndiuzeni koyang'ana.

Tsopano nkhani imene munanditumira. Atef wanyamuka m'mawa uno ndi boti, akakhala panyanja sabata yathunthu. Akabwera, Lachinayi pa 12, tikupita kwa Hagi Mitwali kukapempha mwana wawo Sahar, ndipo akatilola tikawerenga pemphero la Fatiha pomwepo, nkhani itsekeke. Akuti bamboyo ndi munthu waulemu wake, ali ndi sitolo kuno kudera la Dahar, kufupi ndi kachipinda kamene Atef amachita lendi. Mtsikanayo sindinamuone. Koma mwana wanu akangotchula dzina lakelo amaiwala kutseka pakamwa, mpaka ntchentche inalowamo dzulo.

Munditumizire mkanjo wanga wabuluu uja, sindingakapemphe mwana wa eni nditavala uwu wonunkha Hamdi. Muikemonso buledi wa kwathu. Wa kuno ndi wopyapyala ngati chikopa cha ng'oma, umatha usanafike m'mimba.

Mupereke moni kwa mnzanga Shehata kusitolo kwake. Mumuuze kuti tsache lake lipume kaye mpaka ndidzabwere.

Ndine mwamuna wanu yemwe uja, palibe mzungu wandiba,
Zaghlul


Kumudzi, 5 Okutobala 1995

Bambo a Atef,

Nanunso mtendere. Ife tili bwino, bondo ndi lomwe lija. Likanakhala labwino sindikanakutumani inu, zimenezo mukuzidziwa.

Mkanjo ndi buledi zili m'thumba kwa Hamdi. Muwerenge bwino zimene ndikulembazi, kawiri.

Kwa eni kumeneko pakamwa panu muzipamanga. Anthu amenewo sakukudziwani. Kuno mukanena zopusa anthu amaseka chifukwa anakuzolowerani, ndiponso chifukwa amandimvera chisoni ine. Kumeneko palibe Shehata woti muzisewera naye ngati ana. Atef wadikira mtsikana ameneyu nthawi yaitali, wakhala akudya nyemba zokhazokha kuti asunge ndalama ya golide wa mkwatibwi. Mukamuonongera, musabwere.

Popeza mukungokhala, pitani kumsika. Mundigulire tiyi wabwino, sopo wonunkhira, ndi chidede chouma ngati chilipo chosafumbwa. Adzukulu akuti akufuna zigoba za m'nyanja zija zimalira ukaziika kukhutu. Mupezenso kanthu kakang'ono ka mchemwali wanga, koma osati zidole zamaliseche za mafumu akale zija.

China ndi ichi. Mukalowe m'sitolo ya Hagi Mitwaliyo ngati wogula wamba, osanena kuti ndinu ndani. Muone sikelo yake ngati ili yoona. Muone mmene amalankhulira ndi wosauka. Mwana amatengera za pakhomo, ndiye ndikufuna kudziwa pakhomo pamene tikukatenga mpongozi. Kuona kokha, bambo a Atef. Mwanena nokha kuti azungu amatha kuona nsomba osazigwira. Inunso yesani.

Za miyendo zija sindinaseke.

Nagat


Ghardaka, 10 Okutobala 1995

Make Atef,

Mtendere ukhale nanu. Katundu ndalandira, buledi anafika atatsala theka, Hamdi akuti anauma n'kuchepa yekha.

Kumsika ndinapita. Pali msewu wina kuno umene sugulitsa chilichonse chodyedwa kapena chovalidwa. Ngamila zamtengo, amphaka amiyala, timapiramidi tokwana m'thumba la malaya, mchenga wa m'botolo. Mchenga, make Atef! Umene timausesa pakhomo tsiku lililonse tikutukwana. Tikanadziwa bwenzi tili ndi nyumba yosanja. Anyamata ogulitsawo amalankhula zinenero zonse za padziko. Mzungu akamadutsa amamuitana m'Chitaliyana, akapanda kucheuka m'Chijeremani, akapanda kucheuka m'Chirasha, mpaka atamupeza kwawo. Ine nditaima pakhomo, mmodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato n'kunena m'chinenero chathu chomwechi kuti, "Agogo, sunthani pang'ono, mukutchinga amphaka." Ndinamufunsa kuti mphaka wamwalayo amagwira mbewa zingati pa tsiku. Anati amagwira azungu okha.

Zigoba ndapeza. Ndinaika chimodzi kukhutu, chikulira ngati inu ndikachedwa kubwera.

Sitolo ya Hagi Mitwali ndinaiona. Ndi sitolo. Kutsogolo kuli za azungu, mkati muli tiyi, shuga, mpunga, kanjedza ndi zokometsera ndiwo. Sikelo ndi yoona. Munthuyo ndi wabwino.

Zinthu zanu zilipo koma sinditumiza ulendo uno.

Za Lachinayi zija sizitheka. M'mimba mwandivuta. Ndamuuza Atef, wabwera dzulo, kuti akawauze tidzapite sabata inayo. Mwina ndi madzi a kuno.

Musandifunse zambiri, ndatopa.

Zaghlul


Kumudzi, 17 Okutobala 1995

Bambo a Atef,

Mtendere. Kalata yanu yachedwa, galimoto ya Hamdi inafera ku Safaga, ndiye ndailandira dzana. Kuchokera pamenepo sindinagone bwino.

Kalatayo inayamba ikuseka n'kutha ngati uthenga wa maliro. Ndakhala nanu kuyambira ndili mtsikana. M'mimba mwanu ndimamudziwa, munadya nsomba yoola pa ukwati wa mwana wa Shehata anthu onse n'kugona, inu n'kupempha ina. Ndipo chikhalire simunafotokozepo munthu ndi mawu atatu. Ngakhale bulu mumamupezera nkhani.

Ndiye munaona chiyani m'sitolomo? Nenani. Kodi mtsikanayo amaima pakhomo kumaseka ndi azungu? Kodi bamboyo amagulitsa mowa kuseri? Ndikudziwa kuti mukuopa kumuswa mtima mwana, n'chifukwa chake mukuzengereza. Mwachita bwino kusafulumira, ndipo kamodzi kokha m'moyo ndikukuyamikani. Koma musamusunge m'malere. Ngati pakhomopo si pabwino, mubwere naye kuno. Ine ndamunong'oneza kale mchemwali wanga za mwana wake Afaf. Sindinalonjeze, ndangogwetsa mawu, koma iye wawatola ndi manja awiri.

Yankhani msanga. Ndipo tiyi wanga mukumusungiranji?

Nagat


Ghardaka, 21 Okutobala 1995

Amayi anga,

Mtendere ukhale nanu, ndikupsompsona dzanja lanu. Ndikulemba ndine Atef. Kalata yanu ndinaipeza pansi pa pilo wa abambo, mundikhululukire kuti ndinawerenga. Amayi, za Afaf zisiyeni lero lomwe, ndapota nanu. Kwa Hagi Mitwali kulibe vuto. Vuto lagona pa bedi langa, layang'ana kukhoma.

Abambo asintha tsiku kawiri. Koyamba anati m'mimba, kachiwiri anati dzino, pamene mbali imeneyo mano anatha kale. Dzulo ndinapita kusitolo nthawi ya swala, Hagi ali kumzikiti, ndipo Sahar anandiuza zonse.

Tsiku lija abambo analowa ngati wogula. Anasankha tiyi, sopo, chidede, kanjedza, kangamila kamtengo, thumba kudzaza. Anacheza bwino ndi Hagi, mpaka anapatsidwa mpando. Pofunsa mtengo, Hagi ananena monga amanenera wasitolo aliyense waulemu, dzanja lili pachifuwa: "Khali, bambo, siyani, musalipire." Abambo anati, "Mulungu akuwonjezereni," n'kunyamula thumba, n'kutuluka. Osacheuka.

Amayi, masewera a kwa Shehata aja! Koma kuno palibe amene anawathamangitsa ndi tsache. Hagi anangoti kakasi, chifukwa munthu sungathamangire mawu amene watulutsa wekha pamaso pa anthu. Anyamata a masitolo oyandikana anaona, anayamba kuwaseka Hagi, kuti nkhalamba ya kumudzi yawameta opanda madzi.

Sahar anali kuseri kwa matumba a mpunga. Anawazindikira abambo chifukwa cha chithunzi chimene ndinamuonetsa, komanso mphuno iyi tonse tili nayoyi. Ataona nkhope ya bambo ake ikusintha, anatuluka n'kunena kuti, "Baba, amenewo ndi bambo a Atef. Musawakwiyire. Ukalamba unawalowa m'mutu, amaiwala. Atef amachita manyazi kunena."

Hagi mkwiyo wonse unathera pomwepo. Anakalipira anyamata aja kuti akuseka wodwala. Tsopano msewu wonse ukudziwa kuti bambo anga mutu sukoka, ndipo wogulitsa buledi amandipatsa moni wachisoni.

Sahar anandifunsa maso ali pansi kuti, "Ndinanama, kapena ndinalasa?" Mtsikana ameneyu sananamizepo bambo ake.

Thumbalo ndalipeza pansi pa bedi, silinatsegulidwe. Abambo akuti apite okha akalipire, akanene kuti zinali nthabwala. Ndawakaniza. Akatero ndiye kuti Sahar ndi wabodza pamaso pa bambo ake, ndipo ife ndife anthu amene tinabwera mobisa kudzayesa ulemu wa Hagi kuti tiseke. Ndani angapereke mwana wake kwa anthu otero?

Hagi wanditumizira mawu. Akuti ngati abambo akudwala ndibwere nawo mmene alilimo, matenda si chamanyazi. Koma Lachinayi likubwerali likadutsa adziwa kuti tasintha maganizo, ndipo pali banja lina la ku Safaga limene lakhala likugogoda.

Abambo ine sakundiyankha. Alembereni inu. Ndamugwira Hamdi mwendo kuti yankho abwere nalo ulendo womwewu.

Mwana wanu,
Atef


Kumudzi, 23 Okutobala 1995

Zaghlul,

Moni ndilibe lero.

Kuyambira ku Aswan mpaka kunyanja ya kumpoto, ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti wasitolo akati khali, iwe umati ayi ndithu, iye n'kubwereza, iwe n'kulumbira, n'kuika ndalama patebulo, nonse n'kusiyana muli ndi ulemu wanu. Dziko lonse limatha zimenezi. Inu nokha ndi amene munaona kuti pamenepa pali poseketsa. Shehata amakuthamangitsani chifukwa munakulira limodzi ndipo nonse mitu yanu ndi ya nkhuku. Munaganiza kuti munthu woti anapita ku Maka athamanga mumsewu ndi tsache?

Ine ndavala nsalu yanga yakuda, ndatsimphina mpaka kwa mchemwali wanga kukatola mawu amene ndinagwetsa. Sanandipatse ngakhale tiyi. Manyazi amenewo ndadya ine chifukwa cha inu. Tsopano idyani anu.

Mwana wa eni anakufunditsani nsalu yake muli maliseche pamsewu. Simuivula. Lachinayi muvale mkanjo wabuluu, mugwire mkono wa Atef, mupite. Akakuyesani wodwala, dwalani. Musafotokoze kanthu, musaseketse munthu, musaonetse kuchenjera kwanu kuja. Zaka zonsezi mwakhala mukudzipusitsa kuti anthu aseke. Kadzipusitseni kamodzi popanda woseka, mwana wanu akwatire.

Zinthu za m'thumbazo musabwere nazo kuno. Tiyi ameneyo sangandipite pakhosi.

Nagat


Ghardaka, 27 Okutobala 1995

Make Atef,

Mtendere ukhale nanu, ngakhale inu munandimana. Bondo lili bwanji? Mchemwali wanu wayamba kulankhula nanu?

Fatiha tawerenga. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukhale pansi, zotsalazo muwerenge mtima uli m'malo.

Choyamba mundilole ndinene mbali yanga, pakuti mlandu mwaweruza ine kulibe. Sindinathawe nalo thumba lija. Ndinangokhota pakona, pa sitolo ya amphaka amiyala, n'kuima. Ndalama zinali m'manja kale. Ndimati munthuyo akatulukira akupuma wefuwefu, ine ndimutambasulire manja n'kunena kuti, "Hagi, mwagwa mayeso, koma mwapeza m'bale," tiseke, nkhani ya ana iyambire pa chiseko. M'mutu mwangamu zinali zokongola kwambiri. Ndinadikira. Palibe anabwera. Nditasuzumira ndinaona anyamata akumuloza chala akuseka, iye ataima pakhomo pa sitolo yake, dzanja likadali pachifuwa pomwe analiika. Kenako kunatuluka mtsikana, ndinamva dzina la mwana wathu. Miyendo inakana, make Atef. Ndinaiuza kuti tiyeni, iyo inalowera kwina. Ndipo tsiku lililonse limene ndinagona, njira yobwerera inkatalikirako.

Dzulo tinapita itatha swala yamasana. Atef anandigwira mkono msewu wonse ngati ndine dzira. Wogulitsa buledi anaimirira n'kundipempherera mokweza. Mnyamata wa amphaka uja anathamanga kudzandipsompsona pamutu, akuti, "Mundikhululukire agogo, sindinkadziwa." Ndinafuna kumufunsa ngati amphaka ake agwirako mzungu lero. Ndinameza. Mukudziwa inu kuti nthabwala yomezedwa imapweteka kuposa munga wa nsomba?

Hagi Mitwali anatilandira pamakwerero. Ndi munthu wamtali, wa ndevu zoyera zometedwa bwino, wolankhula motsitsa. Koma kwa ine anakuwa ngati ndili tsidya la mtsinje.

"TAKULANDIRANI, BAMBO A ATEF! KUNO NDI KWANU!"

Ndinafuna kunena kuti chimene chinaonongeka ndi mutu, makutu ali bwino. Ndinamezanso.

Anandikhazika pa mpando wofewa, n'kundiika pilo kumsana ndi wina kumbali kuti ndisagwe. Munali mchimwene wake wa Hagi, dzina lake Gaber, munthu wa maso ang'onoang'ono osaphethira, ndi amuna ena a pabanjapo. Chakudya chitabwera, mayi a Sahar anatenga mbale yanga n'kuyamba kuchotsa minga m'nsomba ndi zala zawo, n'kumaidula tizidutswa. Ine amene ndimadya nsomba ya mu Nailo mutu ndi mchira womwe! Anandimangiranso kansalu pakhosi. Atef anayang'ana m'mbale mwake ngati mwalembedwa nkhani.

Kamodzi kokha ndinalephera kudzigwira. Gaber anafunsa ngati ng'ombe zikuchita bwino kumudzi, ine n'kunena kuti yathu ikufuna kubwera kuno idzagwire ntchito yoonedwa ndi azungu. Kwathu bwenzi anthu atagwa pansi. Kuno kunangoti zii. Mayi a Sahar anapukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Mulungu awachiritse." Wina anandisisita phewa. Moyo wanga wonse sindinamvepo kuzizira kotero.

Titasamba m'manja Sahar analowa ndi thireyi ya tiyi. Make Atef, mwana wathu ali ndi maso. Si kukongola kokha, ndi mtsikana woti akalowa m'chipinda umafuna kukhala bwino pampando. Koma sanandiyang'ane.

Pamenepo Gaber anasendeza mpando wake kufupi ndi ine. Munthu ameneyu sanakhulupirire, ndinaona kuyambira pachiyambi. Anati, mosakuwa konse:

"Bambo a Atef, ine ndikuona ngati muli bwinobwino. Tandiuzani, lero ndi lachingati?"

Hagi anati, "Gaber, usavutitse mlendo."

"Ndikungocheza nawo, achimwene. Lero ndi lachingati, bambo?"

Ine Zaghlul, amene ndimadziwa tsiku limene mbuzi iliyonse ya m'mudzi mwathu inabadwa. Lachinayi limenelo ndinali nditaliwerengera masabata atatu ngati tsiku lonyongedwa. Linali pa lilime penipeni. Ndinakweza maso, ndinaona mtsikana uja ataima ndi thireyi, wasiya kupuma.

Ndinati, "Si Loweruka kodi?"

Gaber anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "Pepani, bambo." Mayi a Sahar anapukuta m'maso. Atef anatseka maso ake. Ndipo mtsikanayo anaika kapu patsogolo panga n'kunena kuti, "Imwani, Baba, ndaika shuga wambiri." Anati Baba, make Atef. Tiyi ameneyo ndinamwa pamodzi ndi zina zimene zinagweramo kuchokera kumaso kwanga, ndipo poti ndine wodwala palibe anadabwa.

Mawu opempha ananena ndi Atef mwini, poti bambo ake sangathe. Mawu amene ndinawakonza njira yonse m'galimoto ya Hamdi, okoma, oti anthu akanawakumbukira. Mwanayo anachita chibwibwi, anatuluka thukuta, koma anafika. Hagi anati iwo sagulitsa mwana, akufuna munthu, ndipo munthuyo amuona. Tinatambasula manja. Fatiha yokhayo ndinawerenga bwinobwino mpaka kumapeto, imeneyo sindingaiwale ngakhale mwadala. Amayi kuseri analuluta.

Potuluka, Hagi anauza Atef kuti atsogole, iye anditsitsa yekha pamakwerero. Anandigwira mkono, tinatsika pang'onopang'ono. Titafika pokhota, pamene a m'mwamba sationa ndipo a pansi satimva, anaima. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, pafupi ndi khutu langa.

"Bambo a Atef, munthu woiwala sayamba wayang'ana mwana wanga asanayankhe funso."

Ndinafuna makwerero atseguke ndilowemo. Ndinayamba kuti, "Hagi, ine tsiku lija..."

Anandifinya mkono. "Musanene. Mwana wanga wandinamiza kamodzi kokha chibadwire, ndipo wanamira inu. Ine ndasankha kumukhulupirira. Inunso mumukhulupirire, mpaka tsiku limene mmodzi wa ife adzanyamulidwe."

Ndinati, "Nanga thumba lija?"

M'ndevu muja munagwedezeka kanthu, koma sikanatuluke.

"Thumba liti? Inenso ndakalamba, bambo a Atef."

Kenako anakweza mawu kuti onse amve: "PONDANI BWINO, PATSALA SITEPE IMODZI!"

Musandifunse, mkazi wanga, kuti ndinafika bwanji kuchipinda. Zinthu zija Atef wakapereka kwa mayi wina wamasiye amene amasesa pamzikiti. Tiyi wanu ndikagula ku Kena pobwera, ndipo ndikalipira wasitolo asanatsegule pakamwa. Zigoba za adzukulu zokha ndi zimene ndinagula ndi ndalama zanga, zimenezo ndibwera nazo.

Ndinyamuka Lamlungu. Koma pali ntchito imene muyambe ndisanafike. Ukwati akuti udzachitikire kwathu ikatha Ramadani, ndipo a kuno onse adzabwera, Gaber yemwe. Adzakhala m'mudzi mwathu masiku angapo, adzacheza ndi anthu. Ndiye muyambiretu kuwauza a pamudzipo, mmodzimmodzi, kuti mwamuna wanu anabwerako kunyanja mutu utasokonekera. Sadzavuta kukhulupirira. Pa ukwati wa mwana wanga ndidzakhala pakona ndi pilo kumsana, anthu ena azidzaseketsa alendo.

Akakufunsani kuti zinayamba liti, tchulani chaka chilichonse chimene mukufuna. Ine sindidzakutsutsani.

Mwamuna wanu,
Zaghlul